Nyimbo ya mkango ija mwini wake ndi Mzulu, agogo akunena zoona

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo wa sitandade 4 anaonera katuni ya The Lion King pa foni ya amalume ake ndiye pano m'nyumba simukugoneka, kukacha awimbawe kukada awimbawe. Tsiku lina agogo ake a mwanayo, omwe anakagwirako ntchito ku Joni nthawi ya Wenela, atamva anati nyimbo imeneyi ankaimva ku komboni ya mgodi kalekale anthu akuyimba m'Chizulu, koma pakhomopo onse anangowaseka eti ndi ukalamba. Ndiye mayiwa akufunsa kuti kodi nyimboyi ndi ya ndani kwenikweni, ya azungu kapena yathu?

Mayi, takhuta chifukwa cha funsoli. Choyamba pitani mukawapepese agogowo chifukwa iwo ndi amene akulondola.

Nyimboyi dzina lake lenileni ndi Mbube, m'Chizulu ndiye kuti mkango, nkhalamu ija timanena kunoyi. Anaipeka ndi bambo Solomon Linda, Mzulu wobadwa mu 1909 ku Natal, yemwe anapita ku Johannesburg kukasaka ntchito ngati m'mene ankachitira makolo athu. Anapeza ntchito ku kampani ya Gallo yomwe inkajambula ndi kugulitsa mbale za galamafoni, ntchito yake yolongedza mbalezo, ndipo madzulo ndi kumapeto kwa sabata ankayimba ndi anzake mu gulu lotchedwa Evening Birds. Mu 1939 anawalowetsa mu situdiyo n'kujambula Mbube. Amuna angapo akugunda besi pansi mobwerezabwereza, iye pamwamba ndi kamawu kakang'ono ngati ka mzimayi, basi. Mbaleyo inagulidwa kwambiri, pafupifupi 100,000 m'zaka za m'ma 1940, mpaka mtundu wonse wa mayimbidwe amenewo anthu anangoutcha mbube. Ndiye agogo kuimva ku komboni n'zosadabwitsa olo pang'ono, nyimboyi inali pakamwa pa anthu a m'migodi kwa zaka zambiri.

Pano mpamene pamandiwawa ine. Nkhani imati Linda anapatsidwa masheleni 10 okha, umwini wonse wa nyimbo n'kupita ku kampani. Masheleni 10 abale.

Kenako mbale ija inawoloka nyanja. Ku America munthu wina wotolera nyimbo za makolo, Alan Lomax, anaipereka kwa woyimba Pete Seeger. Seeger Chizulu sankachimva, pamene Linda ndi anzake ankati "uyimbube", kutanthauza kuti ndiwe mkango, iye khutu lake linamva "wimoweh", ndipo gulu lake la The Weavers linaijambula ndi dzina limenelo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ndiye awimbawe akuyimba mwana wanuyo ndi Chizulu chopindika kawiri, anapinda mzungu kenako tapindanso ife. Pa mbale ya Weavers dzina la wopeka analembapo Paul Campbell, munthu woti kunalibe, linali dzina longopeka loti azitengera ndalama pa nyimbo zomwe ankaziyesa zopanda mwini. Maganizo oti nyimbo ikachokera ku Africa ndiye kuti ndi ya makolo ilibe mwini, amenewa ndi amene anamudyera Linda.

Mu 1961 wolemba nyimbo George David Weiss ndi anzake anaikamo mawu a Chingerezi, anyamata a The Tokens n'kuijambula ngati The Lion Sleeps Tonight ndipo inafika pa nambala 1 ku America. Chaka chotsatira, 1962, Linda anamwalira ndi matenda a impso ali mmphawi, ndipo panatha zaka 18 banja lake lisanakwanitse kuika mwala pamanda pake. Muganize, nyimbo ikulira m'mawailesi dziko lonse koma mwini wake ali m'manda opanda chizindikiro.

Oyimbanso nyimboyi ndi ambiri sindingawathe. Miriam Makeba anaijambula mu 1960 ndi dzina lake lenileni la Mbube, Tight Fit anafika nayo pa nambala 1 ku UK mu 1982, Ladysmith Black Mambazo ndi amene amayimba kumayambiriro kwa filimu ya Coming to America ya 1988, kenako kampani ya Disney mu katuni ija ya The Lion King mu 1994 pomwe Timon ndi Pumbaa akuyenda akuiyimba. Kwa ine ya Makeba ndi ya Mambazo ndi zimene zimandifika pamtima chifukwa mkango umamvekamo kulemera kwake, za Chingerezizo n'zokoma inde koma zinasanduka zogonekera mwana.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 2000 pamene mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, analemba nkhani yaitali mu magazini ya Rolling Stone kulondola m'mene ndalama za nyimboyi zinayendera pomwe ana aakazi a Linda ankavutika ku Soweto. Maloya anakafukula lamulo lakale la Britain la 1911, lomwe linkagwiranso ntchito ku South Africa, loti pakatha zaka 25 wopeka atamwalira umwini uzibwerera ku banja lake. Mu 2004 anasumira Disney, ndipo mu 2006 kampani ya Abilene Music yomwe inali ndi umwini wa nyimboyi inagwirizana ndi banjalo kunja kwa khoti, kuwalipira komanso kuvomera kuti dzina la Linda lizilembedwa ngati mmodzi mwa opeka. Kuchokera 1939 kufika 2006 ndi zaka 67.

Ine kuyimbanso nyimbo ya wina sindikuona vuto ayi, kwathu kuno ndi m'mene nyimbo zimakhalira ndi moyo, ya pa ulimba ku Nsanje mawa mwaimva pa ukwati ku Ngabu itasintha mawu ndipo palibe amadandaula chifukwa aliyense amadziwa kumene yachokera. Vuto limabwera pakalowa ndalama dzina la mwini n'kufufutidwa. Ndimawaganizira achinyamata athu a ku Bangula ndi ku Dyeratu amene amajambula nyimbo m'kachipinda kotentha ngati uvuni, n'kukaisiya kwa obena nyimbo pamsika popanda pepala lililonse, ena mpaka kugulitsa nyimbo yonse pamtengo wa bandulo ya mwezi umodzi. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo kuno ku Malawi, ilipo, kalembetseni nyimbo zanu, ndipo musasayine chinthu chomwe simunachiwerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu amene mumamukhulupirira.

Mwana wanuyo mukadzapeza mpata mudzamutengere ku Majete akaone mkango weniweni, nayonso mikango ya kumeneko anaibweretsa kuchokera ku South Africa mu 2012. Koma madzulo ano ingolowani pa YouTube mulembe Solomon Linda Mbube 1939, muwapatse agogo foniyo m'manja. Mbaleyo ndi yakale imachita phokoso, koma mumvetsere chakumapeto, Linda amakwera yekha pamwamba n'kuyimba kachuni kachidule kamene sikanamveke poyamba paja. Kameneko ndi kamene a Tokens anadzaikapo mawu a Chingerezi patatha zaka 22. Mukatero mundilemberenso mundiuze zimene agogo anena.