Zidzukulu zitatu, agalu awiri ndi chofunda chosatha: yankho kwa agogo anzanga a ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Akuti mwana wawo wamkazi anapita ku Joni kukagwira ntchito n'kuwasiyira zidzukulu zitatu, wamkulu ali sitandade 5, wapakati zaka zisanu, wamng'ono angoyamba kumene kuyenda, ndiye pakhomo palinso agalu awiri. Chaka chatha anayamba kusoka chofunda cha zigamba choti wamkuluyo azifunda nthawi yozizira koma mpaka lero sichinafike ndi theka lomwe, akangokhala pamakina wina walira, wina wakoka nsalu, galu wagona pa zidutswa zomwe achapa kale. Funso lawo ndi lakuti, kodi ndingochisiya kaye mpaka ana adzakule kapena mayi awo adzabwere? Nanga inu mumatha bwanji?

Amayi, pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndikhale pansi bwinobwino chifukwa nkhani yanuyi ndi yanganso. Kwanga kuno ku Zomba ndili ndi zidzukulu ziwiri zokhala nane ndi zina zobwera pa holide, agalu ndi awirinso, Bingo wokalamba uja ndi kamwana kake komwe ana anakatcha Tilipo. Yankho langa ndi loti musasiye. Tsiku lomwe mukulidikiralo, loti m'nyumba muli zii ndipo tebulo lonse ndi lanu, silibwera msanga, ndipo likadzabwera amene mumamusokerayo adzakhala atatalika kuposa chofundacho. Chofunika kusintha ndi kadulidwe ka ntchitoyo basi.

Mwanena kuti mukusoka cha bedi lalikulu ndipo zidutswa zanu ndi ting'onoting'ono ngati bokosi la machesi. Vuto lagona pamenepo. Tizidutswa totere timafuna munthu wokhala maola atatu osadzuka, inu mulibe maola atatu, muli ndi mphindi makumi awiri apa, theka la ola apo. Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Chofunda cha mwana wa sukulu chikakhala masentimita 120 m'lifupi ndi 150 m'litali chakwana. Dulani kakatoni ka masentimita 12 mbali zonse, kameneko ndiye muyezo wanu, muzijambulira pansalu ndi choko kapena kotsala ka sopo. Mukasiya sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse chigamba chimatsala masentimita 10, ndiye mufunika zigamba 180. Musaope nambalayo. Muzilumikiza zisanu ndi zinayi zisanu ndi zinayi, zitatu pamwamba, zitatu pakati, zitatu pansi, chimatuluka chibuloko cha masentimita 30. Mabuloko otere akakwana 20, anayi m'lifupi asanu m'litali, pamwamba pa chofunda patha. Buloko limodzi ine limanditengera nthawi yomwe nyemba zimakhala zikuwira ndisanapite kukasonkhezera moto. Limodzi patsiku, Lamulungu osasoka, mwezi usanathe mwamaliza, ndipo pomwe ndikulemba izi tili mu Epulo, kuzizira kwa Dedza kwenikweni ndi Juni ndi Julayi, nthawi ilipo. Tizidutswa mwalumikiza kale tija musataye ayi, tidzakhala pilo kapena mudzatiika pakati ngati duwa.

Chimene chinandithandiza ine kwambiri ndi kulekanitsa ntchito ya lumo ndi ntchito ya makina. Kudula ndimadula usiku ana atagona, tsiku limodzi kapena awiri, zonse 180, n'kuziika m'chitini cha mabisiketi chotseka. Masana sindigwiranso lumo. Ndikapeza mpata ndimangotsegula chitini, kutola zisanu ndi zinayi, kupalasa, kutseka. Wina akalira ndimadzuka osadandaula chifukwa palibe chomwe chamwazika.

Nsalu muzichapa kaye musanadule, izi musanyozere. Zitenje zina zimasuluka koyamba makamaka zofiira ndi zabuluu, zinanso zimafupika zikalowa m'madzi, ndiye mukasoka chosachapa pamodzi ndi malaya akale omwe anachapidwa kambirimbiri, tsiku loyamba kuchapa chofunda misoko imakokana n'kuchita makwinya. Ine zidutswa zambiri ndimakapempha kwa matelala a pakhonde mumsika, ena amangondipatsa ena ndimawagulira fanta, kwinako ndi malaya a thonje a pa kaunjika. Zotanuka ngati masikipa ndi zoterera zija muzipewe, pamakina opalasa zimathawa. Mkati ndimaika bulangete lakale lomwe layamba kupyapyala, kunsi chitenje, koma dziwani kuti chitenje cha mamita awiri m'lifupi mwake chimaperewera pang'ono pa 120, muyenera kulumikiza kachidutswa m'mbali. Zitatuzi muziyale pamphasa, muzigwirizitse ndi misoko italiitali yapamanja kuyambira pakati kupita kunja, kenako ndiye muzidutsitsa pamakina kapena kusoka pamanja. Mukayambira m'mphepete pakati pamatukuka.

Tsopano za ana, apa ndiye ndikhalitsepo. Kale ndinkawathamangitsa, chokani apa, musagwire, pitani panja. Mapeto ake ankabwera ndithu koma mozemba, ndipo mwana wobwera mozemba ndi amene amagwira zoopsa. Panopa aliyense ali ndi ntchito yake. Kamtsikana kanga ka zaka zisanu ndi kamene kamasankha mitundu. Ndimathira zigamba m'lichero, iko kamakhala pamphasa miyendo tambalale, lilime panja, kuyala zitatu zitatu, kakamaliza kamabwera nalo lichero kuli kugwira ndi manja awiri ngati kanyamula mazira, "agogo ili ndi la nkhuku, nkhuku ikhale pakati." Nthawi zina mitundu yake imakhala yoti ine sindikanaiphatikiza, chikasu pambali pa pinki, koma ndimasoka momwemo osasintha, ndipo mabuloko amenewo ndi amene alendo amayamba kuloza. Wanu wapakatiyo ntchito imeneyi aitha lero lomwe, komanso akuphunzirapo kuwerenga. Wamkulu wa sitandade 5 akhoza kujambula ndi kakatoni kaja, kukulowetserani ulusi pasingano maso akatopa, ngakhale kusoka pamanja mutakhala naye pafupi, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, matelala ambiri m'misika yathu ndi abambo. Muuzeni kuti chofundachi ndi chake ndipo abweretse yunifolomu yake yakale yothina ilowemo. Ngati mayi ake anasiya chitenje chomwe sachifunanso, afunseni pa WhatsApp, akalola dulanimo zigamba zingapo. Mwana amene mayi ake ali kutali amadziwa bwino pomwe pali nsalu ya mayi ake, wanga wamkulu amafunda mbali imeneyo kumutu.

Wamng'ono woyamba kuyendayo alibe ntchito, ameneyo ndi wa kumbuyo kapena muzisoka iye akagona. Ndipo pali zinthu ziwiri zomwe sindinyengerera. Choyamba, ndikadzuka pamakina ngakhale kungopita kukatsegula geti, ndimachotsa lamba pa gudumu. Makina opalasa awa, kaya ndi Singer kaya ndi Butterfly, mwana akaponda chopondera singano imatsika ndi mphamvu yoboola chala, koma lamba akachoka apalase mmene angathere, kumtunda sikuyenda kanthu. Chachiwiri ndi kuwerenga. Mapini anga ndi 20, a mitu yamitundu kuti azioneka akagwa, singano zapamanja zitatu. Ndikamaliza ndimawerenga, ikasowa imodzi palibe kudya mpaka ipezeke. Ndili ndi maginito yomwe mdzukulu anachotsa mu sipika ya wailesi yakufa, ndinaimanga kuchingwe, timaikoka pansi ndi pamphasa, ana amaikonda ntchito imeneyi ngati masewera. Ndipo chizolowezi chathu chija chobaya singano pachitenje chomwe tavala kapena kuluma mapini pakamwa, amayi, ndi mwana wakumbuyo chisiyeni.

Kuwerengaku ndinakuphunzira ndi mantha. Tilipo ali kamwana, tsiku lina ndinakapeza pansi pa tebulo kakukanda kukamwa ndi mwendo, dovu lili chuchuchu, ulusi wofiira ukulendewera pamlomo. Ndinayang'ana pa kapilo ka singano, imodzi palibe, yomwe ndinasiya ndi ulusi wake. Dzanja langa linapita lokha kuti ndikoke ulusiwo koma mtima unakana, ndinakakulunga m'thumba la ufa n'kukwera nako kabaza mpaka kwa dokotala wa ziweto. Mwamwayi singano inali itabaya m'kamwa chakumtunda, sinatsike. Dokotalayo anandiuza kuti ndinachita bwino osakoka, chifukwa singano ikakhala yatsika kukhosi kapena ulusi wafika m'matumbo, kukoka kumang'amba mkati. Galu ndi mphaka satsata singano, amatsata ulusi, singano imangobwera pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo singano yokhala ndi ulusi siigona panja pa chitini.

Zoti agalu amagona pa nsalu zanu, sikuti ndi mwano, akufuna pofewa ndi pofunda komanso pomwe pali fungo lanu. Bingo amakonda kugona pafupi ndi chopondera moti ndimayamba ndayang'ana mchira wake uli pati ndisanapalase. Ndinawasokera chawochawo, thumba la chimanga mkati ndinaikamo nsanza zonse zosathandiza, kunja jinzi yakale, chili pakhonde pakona. Masiku oyamba ndinkawabweza pamenepo kangapo patsiku, pano amapita okha. Nsalu zochapa zimakhala m'chitini kapena m'sutikesi, osati pampando. M'chipinda chogona ana agalu salowa, pa ichi ndine wouma mtima, chifukwa cha utitiri ndi nkhupakupa.

Palinso nkhani ya mphutsi yomwe anthu osoka zofunda sitiikamba mokwanira. Ntchentche yobweretsa mphutsi imaikira mazira padothi pomwe pali mkodzo kapena pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi, ndiye kachirombo kake kamalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa, tiana ta agalu timavutika nazo kwambiri nthawi ya dzinja, ana a anthunso chimodzimodzi. Chofunda cha zigamba n'chokhuthala, chimachedwa kuuma, ndipo poti n'cholemera timakonda kungochiyala pa udzu. Ayi, chiyanikeni pachingwe padzuwa, chiume gwa, kenako muchisite mbali zonse ziwiri, simbi ya makala imagwira bwino ntchito imeneyi bola kusamala phulusa ndi timakala ta moto. Ndipo poti ana ndi agalu akukulira limodzi, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka musaphonye. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere kuyambira 2015, kwanuko funsani alangizi a ziweto kuti abaya liti. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ngakhale wa pakhomo, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa.

M'kalata mwanu munalembanso kuti mizere yanu ikukhota, makona sakukumana, mwina mulibe luso. Mwana wanga wamwamuna anandionetsa pafoni zofunda za amayi achikuda a ku Gee's Bend, kamudzi ka ku Alabama ku America, zidzukulu za anthu omwe anali akapolo. Ankasoka ndi mabuluku akale ogwirira ntchito kumunda ndi matumba, kuti ana asazizidwe, mizere yokhotakhota, zigamba zosafanana kukula. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zaluso ku Houston, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dziko lawo. Nditaziona ndinakumbukira malemu mayi anga omwe ankalumikiza zotsala za nsalu za kwa David Whitehead ndi singano yapamanja pa nyali ya koloboyi, sitinkadziwa n'komwe kuti zimenezo ena amazitcha luso. Chomwe muyenera kuyang'ana ndi kulimba kwa msoko, bwererani kawiri poyambira ndi pothera, singano ya nambala 14 pa zitenje, 16 mukafika pa jinzi, ndipo muzidontheza mafuta a makina pafupipafupi chifukwa fumbi la nsalu limadzaza pansi pa bobini. Kona ikaphonyana ndi theka la sentimita isiyeni, pitirirani.

Kutopa kokha ndiye sindingakunamizeni, kulera zidzukulu pa msinkhu wathuwu n'kolemetsa, msana umawawa, ndipo pali masiku omwe chitini sindichitsegula n'komwe, mwana wadwala malungo, kuli maliro, kuli Mvano. Tsiku lotero silowerengera. Koma mphindi makumi awiri zija zapamakina ndi zanga, ndimazifuna, phokoso la chopondera limandikhazika mtima pansi kuposa kugona masana, ndiye ndikamakuuzani kuti musasiye sindikunenera mwana yekhayo ayi, ndikuneneranso inuyo.

Mukadula zigamba zanu 180 munditumizire chithunzi zili m'lichero, ndipo mundiuze ngati bulangete lamkati muli nalo, ngati mulibe ndidzakulemberani mmene ndimalumikizira majuzi akale a pa kaunjika kuti alowe m'malo mwake. Moni kwa ana onse atatu.