Kwa bambo amene mwafunsa za kuchepa mphamvu kuchipinda

Bambo, mwati papita miyezi chida chikukana kulimba, mwinanso chikumagwa zinthu zili mkati, ndipo mwamva zoti mapeto ake ndi opaleshoni. Mtima m'malo. Opaleshoni imabwera njira zina zonse zikakanika, ndipo ambiri safikako n'komwe.

Koma musanaganize za mapiritsi, kayezetseni shuga ndi BP. Ndikukakamira pamenepa chifukwa chida chimalimba ndi magazi, ndipo mitsempha yake ndi yaing'ono kuposa ya mtima, choncho ndi imene imayamba kuonetsa kuti magazi sakuyenda bwino. Abambo ena amadziwira pomwepa kuti ali ndi shuga kapena vuto la mtima. Fodya, mowa wambiri ndi kunenepa kwambiri zimawononga mitsempha yomweyi. Mankhwala ena a BP ndi a nkhawa amafooketsanso. Musawasiye panokha, auzeni adokotala akusinthireni.

Mapiritsi alipo, ndipo amathandiza ambiri. Sildenafil, amene anthu amangoti Viagra, analoledwa ku America mu 1998. Amamwedwa kutatsala ola limodzi kuti mugonane, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi maola 4. Tadalafil amatha kufika maola 36. Onsewa sabweretsa chilakolako, amangotsegula mitsempha, ndiye kusisitana kumafunikabe. Ngati mumamwa mankhwala a mtima monga nitroglycerin kapena isosorbide, musayerekeze kuphatikiza: BP imatsika moopsa. N'chifukwa chake ndimadana ndi timankhwala togulitsidwa pa intaneti tolembedwa kuti ndi tazitsamba. Tina tinapezeka tili ndi sildenafil wobisidwa, mlingo wake wosadziwika.

Mapiritsi akakana, pali pampu yokokera magazi ku chida, kenako mumavala kamphete kutsinde, koma osapitirira mphindi 30. Palinso jakisoni wa alprostadil, amene adokotala amakuphunzitsani kudzibaya nokha. Testosterone, yemwe ndi homoni yachimuna, amathandiza pokhapokha magazi atasonyeza kuti ndi wochepa m'thupi. Njira iliyonse imene mwatsata, chida chikalimba kupitirira maola 4 osagwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Dzifunseninso ichi: m'mamawa mukamadzuka chimakhala cholimba? Ngati eya, nthawi zambiri gwero limakhala maganizo, makamaka mantha oti mulepheranso, ndipo uphungu umathandiza kwambiri. Mayi akunyumba musawabisire, chifukwa mukangokhala chete angayambe kuganiza kuti mwatopa nawo kapena muli ndi wina. Ngati n'kotheka, pitani nawo limodzi kwa adokotala, mutanyamula mankhwala onse amene mukumwa panopa.