Supu wachi China uja wowawa ndi wowawasa: vuto ndi kambuzi komanso nthawi yothira viniga

Achemwali, mwati munayesa kuphika supu uja amati hot and sour koma anatuluka wamadzimadzi, kuwawasa osamveka, kambuzi yekha ndi amene analamulira mupoto. Apo nde mwatchula kale wolakwa, kambuzi salowa mmenemu. Kuwawa kwa supu ameneyu kumachokera ku tsabola woyera wogaya, white pepper uja, yemwe amatenthetsa kummero mpaka pachifuwa pang'onopang'ono osawotcha lilime. Kaya ku Sichuan kaya ku Beijing amadalira ameneyo. Kuwawasa nako amagwiritsa viniga wakuda wa mpunga wa ku Zhenjiang m'chigawo cha Jiangsu, pabotolo amalemba Chinkiang, amapezeka m'mashopu a Matchaina. Mukamusowa tengani viniga wamba koma muchepetse chifukwa ndi waukali, muwonjezere kashuga pang'ono.

Nkhani yaikulu ndi nthawi yothira. Viniga mukamuthira koyamba nkumabwatitsa, fungo ndi ukali wake zimapita ndi nthunzi, tsabola woyeranso akakhalitsa pamoto fungo limatha nkusiya kakhambi, nde zonse ziwiri zimalowa mutaphula kale poto. Ineyo ndimathira m'mbale momwemo kenako supu pamwamba, aliyense aziwonjezera mmene akufunira, poti kunyumba ena safuna zowawasa kwambiri.

Pa lita 1 ya msuzi wa nkhuku, wa mafupa owiritsa osati madzi ndi kyubu basi, thirani masupuni aakulu 2 a soya sosi. Nyama ya nkhumba kapena nkhuku muidule tizidutswa tatitali towonda, muipake kasoya sosi ndi cornflour pang'ono kuti isaume. Eni ake amaikamo bowa wouma wa shiitake, bowa wakuda uja wooneka ngati khutu, mphukira za nsungwi ndi tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa kuchokera ku mkaka wa soya. Bowa wathu wouma amagwira ntchito bwinobwino bola mumutsuke mchenga, ndipo madzi onyikira musataye, asefeni apite mupoto. Bowa wa khutuyo kumunyika mphindi 30 mpaka ola zakwana, osamusiya m'madzi mpaka mawa kukutentha chonchi, amatha kupanga poizoni woopsa. Tofu akasowa musavutike ndi soya pieces, amamwa viniga yense nkusokoneza kakomedwe, bola karoti ndi kabichi zodula mowonda.

Za madzimadzi zija, sungunulani masupuni aakulu 3 a cornflour m'madzi ozizira ofanana nawo, thirani pang'onopang'ono supu akuwira uku mukutakasa mpaka azimatirira kumbuyo kwa supuni. Ufa woyera ayi chonde, mupanga phala. Mazira amabwera pambuyo pa cornflour, musasemphanitse, chifukwa supu wokhuthala ndi amene amanyamula dziralo kuti liyandame ngati timaliboni, mukayamba ndi dzira limangosweka supu yense nkuchita mbuu. Menyani mazira 2, chepetsani moto, tsanulirani kamtsinje kowonda mozungulira, dikirani kaye pang'ono musanatakase.

Mukaphula nde masupuni aakulu 3 a viniga, tsabola woyera wosapitirira tiyisupuni 1, timadontho ta mafuta a chitowe ndi masamba a anyezi. Lawani. Akamveka wozizira osakoma ngakhale viniga alimo, nthawi zambiri ndi mchere ukuchepa, anthu amathamangira kuwonjezera viniga pomwe vuto si limenelo. Akawawasitsa onjezerani msuzi ndi kashuga kotsina ndi zala, mchere ukachuluka viniga pang'ono amaubisa. Tsabola yekha ndi amene sabwezeka, nde yambani ndi theka la tiyisupuni, ndipo akhale watsopano chifukwa wokhalitsa mukabati amanunkha khola. Ngati mtima ukufunabe kambuzi muikeni pambali m'kambale, koma mulawe kaye supuyo asanalowemo.