Sábado, sobota, subbota ndi sabata yathuyi: anabera mnzake ndani?

Achimwene ena amene ali ku Britain andilembera imelo, akuti kuntchito kwawo kuli anzawo a ku Poland, Romania ndi Portugal, ndiye pokambirana za mashifiti anadabwa kumva kuti Loweruka wa ku Portugal akuti sábado, wa ku Poland akuti sobota, wa ku Romania sâmbătă. Funso lawo ndi lakuti anatengera mnzake ndani, komanso kodi sabata yathu ya Chichewayi ndi m'bale wawo?

Achimwene, palibe anabera mnzake apa, onsewo anakalitenga kutchalitchi. Liwuli si la Chilatini komanso si la Aslavu (mtundu wa anthu monga Arasha, a ku Poland ndi a ku Czech), ndi la Chiheberi, shabbat, kuchokera ku mneni wotanthauza kuleka kapena kusiya ntchito. Agiriki analitenga nkukhala sabbaton, Chilatini chinatenga kwa Agiriki nkukhala sabbatum, ndipo Chikhristu chikufalikira ku Ulaya liwuli limayenda nacho limodzi. Nchifukwa chake Chitaliyana chili ndi sabato, Chisipanishi ndi Chipwitikizi sábado. Angerezi anakakamira dzina lakale la mulungu wa Aroma Saturn, nkuona iwo amati Saturday.

Tsono pamene pamandisangalatsa ine ndi pa chilembo cha m chija mwamva kwa mnzanu wa ku Romania. Anthu wamba olankhula Chigiriki ndi Chilatini ena ankatchula sambaton kapena sambatum, ndiye liwuli linayenda njira ziwiri, ina ya m ina yopanda m. Samedi wa Chifalansa, amene poyamba simungamuganizire nkomwe kuti ndi wa banja lomweli, anachokera ku sambati dies, tsiku la sabata. Samstag wa Chijeremani chimodzimodzi, szombat wa ku Hungary chimodzimodzi. Kwa Aslavu nako zinagawikana. M'chilankhulo chakale cha tchalitchi cha Aslavu, chimene amishoni Cyril ndi Methodius anamasuliramo malemba atapita ku Moravia (dera la ku Czech lero) mu 863, munali sǫbota, o wakeyo wotulukira m'mphuno, ameneyo ndi m uja atasungunuka. Patapita zaka o wa m'mphunoyo anasanduka u mu Chirasha ndi Chisebiya, ndiye subbota ndi subota. Koma a ku Poland ndi a ku Czech amati sobota basi, ndipo poti Chipolishi mpaka lero chili ndi mavawelo a m'mphuno, likanabwera ndi m bwenzi tikumumvabe, ndiye zikuoneka kuti iwo analandira lopanda m kudzera ku tchalitchi cha Chilatini. Mnzanu wa ku Poland uja pa liwu ili ali pafupi ndi Mpwitikizi kuposa ndi Mrasha, ngakhale zilankhulo zawo ndi Mrashayo ndi zapachibale.

Za sabata yathu, eya ndi m'bale wawo. Ine sindikhulupirira kuti tinalitenga kwa Apwitikizi monga tinatengera nsapato ndi mbatata, chifukwa zikanatero bwenzi likutanthauza Loweruka, koma ife timati Lasabata kunena Lamulungu, kupatula abale athu a Seventh Day amene Sabata lawo ndi Loweruka. Zimenezi zikununkha amishoni ndi Baibulo. Ndipo kugwiritsa sabata kunena masiku onse 7 sitinayambe ndife ayi, mu Chigiriki cha Chipangano Chatsopano zilimo kale, Mfarisi wa pa Luka 18:12 podzitama kuti amasala kudya kawiri pa sabata liwu lake ndi lomweli. Arasha anachitanso zofanana ndi liwu lina, nedelya poyamba linali Lamulungu, tsiku losagwira ntchito, pano kwa iwo likutanthauza sabata yonse, pamene ku Poland niedziela likadali Lamulungu.

Chenjerani pa mashifiti anuwo, chifukwa kawerengedwe ka masiku nkosiyana. Aslavu amawerenga ngati ife, wtorek wa ku Poland ndi Lachiwiri, czwartek Lachinayi, piątek Lachisanu, ndendende. Apwitikizi amayambira Lamulungu, ndiye Lolemba kwa iwo ndi segunda-feira, tsiku lachiwiri, ndipo akati sexta-feira, lachisanu ndi chimodzi, akunena Lachisanu lathu. Amene amapita ku Tete kukapikula katundu amaidziwa bwino nkhaniyi. Kawerengedwe kameneka anthu amakalumikiza ndi Martin wa ku Braga ku Portugal, bishopu wa m'zaka za m'ma 500 amene ankadana ndi zoti Akhristu azitchula masiku ndi mayina a milungu yachikunja. Aspanishi anasungabe lunes ndi martes, Lolemba ndi Lachiwiri, masiku a mwezi ndi a mulungu Mars, koma sábado sanamukhudze.

Ngati muli ndi mnzanu wa ku Russia kapena Ukraine mumufunse za subbotnik. Liwuli, lochokera ku subbota, linayamba mu 1919 pamene ogwira ntchito za njanji ku Moscow anagwira ntchito Loweruka osalipidwa, boma la Soviet linaitenga nkhaniyo nkuisandutsa mwambo, anthu kumatuluka kukasesa misewu ndi kudzala mitengo, dzina lake kuti nzodzipereka koma kukana kunali kovuta. Liwu la Chiheberi loti siya ntchito linathera kukhala dzina la ntchito yaulere, m'dziko loti boma lake linkati Mulungu kulibe.