Mwana wanga akuti adzapanga magemu: kodi imeneyi ndi ntchito?

Mayi wina wa ku Ntcheu walemba kudandaula za mwana wake wamwamuna amene ali Fomu 3. Akangoweruka kusukulu, mnyamatayu amatenga foni ya mkulu wake n'kusewera magemu mpaka batire kutha. Atamufunsa zomwe akufuna kudzachita akamaliza sukulu, iye anati adzakhala wopanga magemu. Mayiwo akufunsa kuti: "Pakhomo pano palibe kompyuta, ndipo ine ndimafuna adzakhale mphunzitsi. Zamagemuzi ndi ntchito, kapena n'chibwana chabe?"

Mayi, ndi ntchito ndithu, ndipo anthu amadyerapo. Koma kusewera gemu ndi kuipanga n'zotalikirana ngati kudya nsima ndi kulima chimanga. Choti mudziwe panopa n'chakuti mwana wanuyo ali mbali iti. Kusowa kwa kompyuta yamphamvu kokha kusakudetseni nkhawa kwambiri, ndipo chifukwa chake muchiona pa anthu amene anayambitsa ntchitoyi ku America.

Makina oyamba osewerera magemu pa TV ya kunyumba anali Magnavox Odyssey, omwe anatuluka mu 1972. Mwini nzeru zake, Ralph Baer, anachotsedwa sukulu ku Germany ali ndi zaka 14 chifukwa anali Myuda. Banja lake litathawira ku America mu 1938, anayamba ndi kuphunzira kukonza mawailesi kudzera m'maphunziro a papositi, digiri n'kudzabwera pambuyo. Mu 1976 kunabwera Fairchild Channel F, makina oyamba omwe munthu ankatha kusintha gemu pongozula kabokosi kena n'kulowetsa kena. Gulu lomwe linawapanga linkatsogoleredwa ndi Jerry Lawson, munthu wakuda wa ku New York, amene ali mnyamata ankapeza ndalama pokonza ma TV a anthu. Onse awiriwa anayamba ndi kutsegula chinthu kuti aone m'kati mwake.

Amene ndimakonda kufotokozera ophunzira ndi makina a Atari 2600, omwe anayamba kugulitsidwa mu 1977. Malo ake okumbukira zinthu gemu ili m'kati anali mabayiti 128 okha. Bayiti imodzi imasunga chilembo chimodzi, ndiye kuti meseji imodzi yodzaza ya pafoni, ya zilembo 160, siyikanakwanamo. Poyamba gemu yonse, zithunzi, phokoso ndi malamulo ake, inkayenera kulowa m'kabokosi ka mabayiti 2,048 kapena 4,096. Chithunzi chimodzi chomwe mwana wanu amajambula pafoni n'chachikulu kuposa pamenepa maulendo mazanamazana.

Chovuta kwambiri chinali chakuti makinawo analibe posungira chithunzi chonse cha pa TV. Ma TV a ku America a nthawi imeneyo ankajambula chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ka 60 pa sekondi iliyonse. Wolemba pulogalamu ankayenera kuuza makina zoti ajambule pa mzere uliwonse TV isanafikepo, ndipo pa mzere umodzi anali ndi timagawo ta nthawi 76 tokha. Lamulo lililonse lomwe walemba linkadya timagawo tiwiri, titatu kapena kuposerapo. Ankakhala pansi n'kumawonkhetsa ndi pensulo. Akapitirira 76, chithunzi chinkasokonekera. Kawirikawiri gemu yonse inkapangidwa ndi munthu mmodzi: ndiye wojambula, ndiye wokonza phokoso, ndiyenso wosaka zolakwika.

Taonani zomwe David Crane anachita pa gemu ya Pitfall!, yomwe inatuluka mu 1982 n'kugulitsidwa makope oposa 4 miliyoni. Kamunthu kamathamanga m'nkhalango ya zigawo 255, kudumpha zipika, maenje ndi ng'ona. Zigawo 255 sizikanakwana m'mabayiti 4,096 akanati azisunge chimodzichimodzi. Ndiye sanazisunge. Anagwiritsa ntchito nambala imodzi yokwana m'bayiti imodzi. Mbali ina ya nambalayo imanena ngati pali dzenje kapena ng'ona, ina imanena chomwe chili pansi, kaya chipika, moto kapena njoka, ina imanena kaimidwe ka mitengo. Kamunthu kakatulukira kumanja, kalamulo ka masamu kamatulutsa nambala yotsatira. Kakabwerera kumanzere, kalamuloko kamabweza nambala yakale, nkhalango n'kuoneka momwe anaisiyira. Mwini wakeyo amati lingaliro la gemuyi analijambula papepala m'mphindi 10, koma kulemba pulogalamu yake kunamutengera maola pafupifupi 1,000.

Kusiyana kwa mphindi 10 ndi maola 1,000 ndi kumene ndimafuna mwana wanu akumvetse. Malingaliro a gemu mwana aliyense ali nawo. Opirira maola 1,000 aja ndi ochepa.

Ngati pakhomopo pali atsikana, auzeninso za Carol Shaw. Ankakhoza kwambiri masamu, anaphunzira za magetsi ndi makompyuta pa yunivesite ya California ku Berkeley, n'kulowa ntchito ku Atari mu 1978, nthawi yomwe akazi pa ntchitoyi ankachita kuwerengeka. Gemu yake ya River Raid, ya mu 1982, ndi imodzi mwa zomwe anthu amazitamabe, ndipo mtsinje wautali wa m'gemuyo nawonso umachita kubadwa kuchokera ku masamu.

Sikuti zonse zinali zokoma, ndipo sindingakubisireni. Kampani ya Atari sinkalemba maina a opanga magemu pa mabokosi, komanso sinkawapatsa gawo la phindu. Warren Robinett, amene anapanga gemu ya Adventure, anabisamo kachipinda komwe munthu ankalowamo akapeza kadontho kamodzi kotuwa n'kukanyamulira pakhoma lina. M'katimo munalembedwa dzina lake. Akuluakulu a kampani anazidziwa iye atasiya kale ntchito, mnyamata wina wosewera atawalembera kalata. Mu 1979 David Crane, Alan Miller, Bob Whitehead ndi Larry Kaplan anachoka ku Atari pa nkhani yomweyi ya maina ndi malipiro n'kuyambitsa kampani ya Activision, yomwe inkasindikiza dzina ndi chithunzi cha wopanga gemu aliyense. Howard Scott Warshaw wa ku Atari anapatsidwa masabata osakwana 6 kuti amalize gemu ya E.T. Khrisimasi ya 1982 isanafike. Gemuyo inakhumudwitsa ogula, msika wonse wa magemu ku America unagwa mu 1983, ndipo ambiri anachotsedwa ntchito. Warshaw patapita zaka anadzakhala mlangizi wa anthu ovutika maganizo. Choncho mwana wanu akadzafika polembedwa ntchito, adzawerenge kontirakiti bwinobwino, adziwe kuti chomwe wapangacho n'cha ndani.

Tibwere kwathu kuno. Ku Malawi ntchito zopanga magemu okhaokha n'zosowa. Olemba mapulogalamu ambiri ali m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'boma, m'zachipatala ndi m'mabungwe, ena amagwirira makampani akunja ali konkuno kudzera pa intaneti. Ndiye mwanayo cholinga chake chikhale kudziwa kulemba mapulogalamu, magemu akhale khomo lolowera. Maphunziro a zamakompyuta alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University. Kuti asankhidwe afunika makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro amenewa masamu ndiye amayang'anidwa kwambiri. Fizikisi aigwirenso mwamphamvu, ndipo ngati sukulu yake imaphunzitsa Computer Studies, asaisiye.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mnyamata. Ndikupatsa ntchito ya teremu imodzi. Panga kagemu kamodzi kakang'ono, ndipo ukamalize. Kakhale ka mpira wogunda makoma ndi kathabwa kowubweza. Yamba ndi kope la masamu lija la timabokosi. Jambula bwalo, mpira uupatse malo ake pa x ndi y. Nena kuti nthawi iliyonse x amawonjezeka ndi 2. Mpira ukafika pakhoma la kumanja, 2 uja asanduke -2, ndipo uona mpirawo ukubwerera. Lemba manambalawo mizere 20 ndi dzanja, uziika kadontho pa malo aliwonse. Amenewo ndi manambala a negativu ndi magirafu omwe aphunzitsi ako amalemba pabolodi, ndipo gemu iliyonse yomwe umasewera ili ndi zimenezi pansi pake. Ukatero, kalembe pa makina. Scratch, pulogalamu yophunzirira kupanga timagemu, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti ukaiika pa kompyuta ya kusukulu. Pa foni ya Android ungathe kuikapo Pydroid 3, yolembera chilankhulo cha makompyuta cha Python. Pulogalamu yomwe ulembeyo idzakana kuyenda kambirimbiri, mwina chifukwa cha kadontho kamodzi koiwalika. Usafufute zonse. Werenga uthenga womwe yakupatsa, upeze mzere wolakwikawo, ukonze.

Inu mayi, musamulande foniyo. Pangananani naye pamaso pa mkulu wake kuti ola lililonse losewera lizilipiridwa ndi ola lopanga, ndipo homuweki izikhala itatha kale. Simufunika kudziwa za makompyuta kuti mumuyese. Loweruka lililonse muzimuuza kuti akuonetseni chomwe chasintha pa kagemu kake, ndipo akufotokozereni m'Chichewa chifukwa chomwe mpirawo ukubwerera ukagunda khoma. Wongosewera amatopa sabata yachiwiri. Amene ali ndi mtima wa ntchitoyi mudzamupeza usiku akulimbana ndi mzere umodzi, nsima itazizira pambale. Zauphunzitsi zomwe mumafunazo sizikutayika, pakuti masamu omwewo ndi amene angamulowetse ku maphunziro a uphunzitsi, ndipo sukulu zathu zambiri zikusowa aphunzitsi a makompyuta.

Teremu ikatha mundilemberenso. Mundiuze ngati kagemuko kanatha, komanso malikisi omwe wapeza pa masamu.