Kwa achimwene amene mukufuna kujambula filimu ya asodzi ndi foni

Achimwene, mwafunsa ngati foni yanu ingakwanitse kujambula filimu ya asodzi a ku Makawa kapena muyambe mwasunga ndalama ya kamera, komanso ngati ikhale yomenyana, yachikondi kapena yoopsa kuti anthu aikonde. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi, ndipo ndikuti musadikire kamera. Filimu ya ku America yotchedwa Tangerine, ya mu 2015, anaijambula ndi iPhone 5s, mpaka inakaonetsedwa ku chikondwerero chachikulu cha mafilimu cha Sundance. Mafoni ambiri amene achinyamata ali nawo lero amajambula bwino kuposa imeneyo.

Chimene chimagwetsa mafilimu athu ambiri ndi chakuti timajambula sewero la pasiteji. Anthu awiri akhala pa sofa, kamera yaima malo amodzi, iwo akulankhulana mphindi 10, zonse kufotokoza ndi pakamwa: "Ndakwiya kwambiri, mkazi wanga, chifukwa ndabwera wopanda nsomba." Tinakulira masewero a pa wailesi ndi a m'maholo, TV ya dziko lino inayamba mu 1999, ndiye chizolowezichi tikudziwa kumene chinachokera. Koma filimu inabadwa yosalankhula. Pa 28 Disembala 1895, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa ku Paris timafilimu tosakwana mphindi imodzi kwa anthu olipira pakhomo, kena ka antchito akutuluka m'fakitale, kena ka mwana akudyetsedwa. Mafilimu olankhula anadzayamba kutchuka mu 1927. Zaka zoposa 30 zonsezo opanga mafilimu ankafotokoza nkhani ndi zithunzi basi, ndipo Charlie Chaplin ankaseketsa ndi kuliza anthu a mitundu yonse osatulutsa liwu. Luso lambiri limene tikugwiritsa ntchito lero linapezeka nthawi imeneyo.

Ndiye tengani msodzi wanu uja wabwera wopanda kanthu. Yambani ndi chithunzi chapatali, chimene ojambula amati wide shot: doko lonse m'mamawa, mabwato akukocheza, amayi a mabeseni akuthamangira bwato lililonse kupatula limodzi. Kenako yandikirani, tione munthuyo kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba akukoka bwato lake yekha. Kenako chithunzi chapafupi kwambiri, close-up: manja ake akupinda ukonde wopanda ngakhale usipa umodzi. Kenako thandala la kwawo lili mbee, mkazi wake waima pambali osamuyang'ana. Palibe wanena kanthu, koma woonera wadziwa kale kuti kunyumbako lero kuli nkhani. Chochitika chilichonse muzichijambula katatu kapena kanayi motere, patali, pakati ndi pafupi, kuti podzalumikiza mudzakhale ndi zosankha. Mukafuna close-up yendani ndi miyendo yanu mufike pafupi. Kukoka chithunzi ndi zala pa foni kumachiwononga. Foniyo igoneni chopingasa, ndipo ikhazikike pa tripod, choikapo kamera cha miyendo itatu, ngakhale yokhoma kwa kalipentala.

Polumikiza zithunzi m'pamene filimu imapangikira. Zaka pafupifupi 100 zapitazo Lev Kuleshov wa ku Russia anatenga nkhope ya munthu wosaonetsa chilichonse n'kuiika pambuyo pa mbale ya chakudya, kenako pambuyo pa bokosi la maliro, kenako pambuyo pa mkazi. Oonera anati munthuyo ali ndi njala, ali ndi chisoni, wagwa m'chikondi, pamene nkhope inali imodzimodzi. Izi zikuthandizeni chifukwa anzanu amene adzasewere si akatswiri. Musawauze kuti alire mokuwa. Akhale chete, inu muike pambali pa nkhope yawo chinthu choyenera. Pulogalamu yolumikizira zithunzi ya CapCut pa foni ikukwanira poyambira, ndipo mukapeza kompyuta yamphamvu, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere.

Pali lamulo limodzi limene oyamba kumene amaliphwanya osadziwa. Anthu awiri akamalankhulana, lembani mzere pamchenga wodutsa pamene aima onse awiri, ndipo foni ikhale mbali imodzi yokha ya mzerewo. Mukaudumpha, poonera zidzakhala ngati onse akuyang'ana kumodzi, woonera n'kusokonezeka.

Dzuwa la kuno mukulidziwa. Masana limagwera pamutu, maso a munthu amalowa mumthunzi, ndipo mchenga ndi madzi zimawala kwambiri moti foni imadetsa nkhope pofuna kusunga thambo. Khungu lathu limavutika kwambiri ndi zimenezi. Dinani pankhope pa sikirini ndi kugwira pang'ono kuti kuwala kukhazikike pamenepo, wina agwire nsalu yoyera kutsogolo kuti ibwezere kuwala kumaso. Nthawi yabwino ndi dzuwa likangotuluka ndi likamapita kukalowa, ndipo mwayi wathu ku mbali ino ya nyanja ndi wakuti limatulukira pamadzi, nthawi yomweyo asodzi akubwera. Nyali za asodzi a usipa usiku n'zokongola ndi maso, koma foni imaziona ngati timadontho mumdima, choncho jambulani chisisira, thambo lisanadere. M'nyumba, ngati foni ikulola, ikani pa 25 fps, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo pa 30 mababu ena amaphethira.

Ndalama imene munafuna kusungira kamera, kachigawo kake kagulireni maikolofoni yomata pamalaya. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva mawu amatseka. Kunyanja mdani wanu ndi mphepo, makamaka mwera wa m'miyezi yozizira, kuphatikiza mafunde, injini za maboti ndi wailesi za m'mashopu. Maikolofoni muiveke kasiponji, wosewera aipatse mphepo msana, kapena foni yachiwiri ibisidwe pafupi naye kuti izitenga mawu okha. Musanayambe, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Phokosolo lidzakuthandizani kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi. Pamalo aliwonse tenganiponso mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo anthu ali chete, yodzatsekera mipata. Dziwaninso nthawi za swala ngati muli pafupi ndi mzikiti, mupume mpaka adhana, kuitanira anthu ku mapemphero, ithe. Ndipo asodzi anu alankhule mmene amalankhulira kudoko, Chiyao ndi Chichewa kusakaniza, mudzalemba mawu omasulira pansi.

Za mtundu wa filimu, mtundu uliwonse uli ndi zimene umalonjeza woonera komanso mtengo wake. Yomenyana, ngati zija tinkaonera m'mavidiyo sho za Bruce Lee ndi Jackie Chan, imafuna anthu ophunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri zodulidwa mwachangu; ikaperewera anthu amaseka pamene munafuna achite mantha. Yoopsa ndi yotsika mtengo kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mantha amachokera ku mawu ndi ku chimene simunaonetse, ndipo nthano za kunyanja tili nazo zambiri. Yanthabwala imadalira wosewera wodziwa nthawi yoponyera mawu. Kwa inu ndingasankhe ziwiri: nkhani ya moyo wa tsiku ndi tsiku, imene amati drama, kapena documentary, yongotsata msodzi weniweni kuyambira posoka ukonde mpaka pogulitsa. Zonsezi malo ake muli nawo kale, ovala zoyenera alipo, mabwato alipo. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa, anayamba mu 1963 ndi kafilimu ka mphindi pafupifupi 20 kotsata tsiku limodzi la woyendetsa ngolo ku Dakar. Nollywood, ntchito yopanga mafilimu ya ku Nigeria, inakula kuchokera pa matepi a VHS cha m'ma 1992. Kwathu kuno funani The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, imene ikukamba za msodzi wa pa nyanja yathu yomweyi. Ioneni kawiri, kachiwiriko mutazimitsa mawu, muziwerenga kuti kamera yasuntha kangati pa chochitika chimodzi.

Lembani masamba 5 okha, poti tsamba limodzi limatulutsa pafupifupi mphindi imodzi: anthu atatu, malo awiri, munthu mmodzi wofuna chinthu ndi china chomutchinga. Musanafike ndi foni kudoko, kaonaneni ndi amfumu ndi a komiti ya pagombe, ndipo aliyense wooneka nkhope avomere, makamaka makolo a ana. Nyimbo za oimba musangozitenga; pemphani mwini wake kapena funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, apo ayi YouTube ikhoza kuitsekereza filimuyo. Mukamaliza kulemba masamba asanuwo atumizeni m'gulu muno tiwaone limodzi musanayambe kujambula.