Kodi zithunzi za lawi la dizilo zochokera pa kompyuta n'zodalirika?

Wowerenga wina amene akuphunzira za injini wanditumizira imelo kufunsa ngati zithunzi zokongola za lawi la dizilo zimene kompyuta imajambula zimanena zoona, kapena n'zongokometsera malipoti. Funso lakeli ndi lofunika kwambiri, ndipo ine ndikuona kuti chithunzi chotere chiyenera kukhulupiriridwa pokhapokha chitagwirizana ndi zimene zinayezedwa pa lawi lenileni.

Injekita, kachipangizo kothira mafuta mu injini, ikapopera dizilo mu silinda, mafutawo amasweka n'kukhala timadontho, timadonthoto timasanduka nthunzi imene imasakanikirana ndi mpweya wotentha, kenako imayaka yokha popanda pulagi. Palibe kompyuta imene ingatsate kadontho kalikonse, choncho mapulogalamu monga KIVA wa ku labotale ya Los Alamos ku America ndi OpenFOAM amawerengera timadontho tambiri tofanana ngati gulu limodzi. Dizilo weniweni ali ndi makemikolo amitundu mazanamazana, n'chifukwa chake ofufuza ambiri amaika n-dodecane, mafuta a kemikolo imodzi yokha, m'malo mwake. Kufupikitsa kulikonse kotereku kumatsegulira khomo zolakwika.

Pofuna kuthana ndi vutoli, ofufuza a Engine Combustion Network, mgwirizano wa akatswiri a injini umene unayambira ku Sandia National Laboratories ku California, anagwirizana za muyeso umodzi wotchedwa Spray A. Mafuta amatuluka pa kabowo ka mamilimita 0.09 ndi mphamvu ya 1,500 bar (pafupifupi kuwirikiza ka 1,500 mphamvu imene mpweya wotizungulira umakankhira zinthu), n'kulowa mu mpweya wotentha 900 K (pafupifupi madigiri 627 Celsius) wokhala ndi okosijeni 15 peresenti. Moto umabuka pakadutsa pafupifupi mamilisekondi 0.4, ndipo lawi silikhudza kabowoko koma limakhazikika pafupifupi mamilimita 16 kutali nako.

Mpata umenewu, umene akatswiri amautcha lift-off length, ndiwo ndimayamba kuyang'ana ndikamawerenga lipoti lililonse. M'mpatamo ndi mmene nthunzi ya mafuta imakokera mpweya isanapse, ndipo ukakhala waufupi, mafuta amapsa mpweya uli wochepa, mwaye n'kuchuluka, umene timauona ngati utsi wakuda kumbuyo kwa lole yokwera phiri. John Dec wa ku Sandia komweko anasonyeza mu 1997 kuti mwaye umabadwira mkati mwa lawi, pamene mpweya woipa wa NOx umapangika m'mphepete mwake motentha kwambiri. Pulogalamu ikalakwitsa mpatawu, zimene ikunena za utsi zimakhalanso zokayikitsa, ngakhale chithunzicho chikongole bwanji.

Choncho mukaona chithunzi chotere, funsani ngati wochikonzayo anayamba wayesa pulogalamu yake pa Spray A, komanso ngati nthawi ya kubuka kwa moto ndi kutalika kwa mpatawu zinagwirizana ndi zoyezedwa popanda kusinthasintha manambala mpaka zitafanana.